Mankhwala a TB ndi chithokomiro: wodwala akamazizidwa mu Okutobala

Taganizirani masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Aliyense wathawira pamthunzi. Koma pakhonde pali mayi ena amene avala juzi, afundanso chitenje, ndipo akutuma mwana kuti awasendezere mbaula pafupi. Mayiwa akhala akumwa mankhwala a TB yosamva mankhwala kwa miyezi inayi. Kutsokomola kunaleka, thukuta la usiku linatha, sikelo ya kuchipatala ikusonyeza kuti thupi likubwerera, ndipo achibale akuyamika. Koma eni akewo akuti thupi lonse likulemera ngati asenza thumba la chimanga. Tulo sitikuwathera. M'mawa akudzuka nkhope itatupa, tsitsi likutsalira m'chipeso, mawu asasa, ndipo papita masiku anayi osapita kuchimbudzi.

Pamudzi zonena sizisowa. Wina ati TB yabwerera. Wina ati mapiritsiwo achuluka mphamvu, ayambe awapumira kaye. Winanso anong'ona kuti pali dzanja la munthu. Pomwe chimene chingakhale chikuchitika n'chodziwika bwino kwa madokotala, chimaoneka poyeza magazi kamodzi, ndipo chili ndi mankhwala ake: ena mwa mankhwala a TB amafooketsa chithokomiro.

Ndinene msanga, kuopa kuti wina angawerenge theka n'kuchita mantha. Vutoli silikhudza aliyense amene ali pa mankhwala a TB. Limabwera makamaka ndi mankhwala atatu, ethionamide, prothionamide ndi PAS, amene anthu ambiri odwala TB sapatsidwa n'komwe. Palinso rifampicin, amene amakhudza chithokomiro m'njira ina, kwa anthu ochepa. Kuti izi zimveke tiyambire pa chithokomiro chenichenicho.

Chithokomiro n'chiyani?

Ambirife tikamva mawu akuti chithokomiro timaona chotupa cha pakhosi, chija agogo ena ankachibisa ndi mpango. Koma chotupacho ndi matenda chabe a kachiwalo kamene aliyense anabadwa nako. Kali kutsogolo kwa khosi, kumunsi kwa kholingo, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo kwa munthu wamkulu kamalemera magalamu pafupifupi 20. Kakakhala bwinobwino sikaoneka, sikamvekanso.

Ntchito yake ndi kupanga mahomoni awiri amene achipatala amawatcha T4 ndi T3. Mahomoniwa amayenda m'magazi n'kumauza ziwalo zonse liwiro logwirira ntchito: mtima ugunde kangati, matumbo akankhe chakudya mofulumira bwanji, thupi litenthe motani, ubongo uganize mwachangu chotani. Thupi lili ngati moto wa pamafuwa, ndipo mahomoniwa ndiye amene amaukupiza. Akachuluka moto umalilima, munthu amawonda, amatuluka thukuta, mtima umathamanga. Akachepa moto umangofuka utsi, ndipo zonse m'thupi zimayenda mwaulesi. Kuchepa kumeneku ndi kumene madokotala amati hypothyroidism, ndipo ndi kumene kunawagwira mayi a pakhonde aja.

Popanga mahomoniwa chithokomiro chimafuna ayodini. Manambala a 4 ndi 3 aja akunena kuchuluka kwa tizigawo ta ayodini timene tamatidwa pa homoni iliyonse. Tiyerekeze ndi chigayo: ayodini ndiye chimanga, mahomoni ndiye ufa. Ayodini wofunikayo ndi wochepa zedi, mamayikulogalamu 150 patsiku kwa munthu wamkulu, moti wa moyo wonse sangadzaze kasupuni ka tiyi. Koma akasowa, chigayo chimangolira popanda chogaya, ndipo chithokomiro chimakula poyesetsa kutola kalikonse kamene kangapezeke m'magazi. Chotupa chija chimayamba chomwecho.

Ayodini anamutulukira ndi Bernard Courtois ku France mu 1811. Homoni ya T4 anaipatula koyamba ndi Edward Kendall ku America mu 1914, ndipo m'zaka za m'ma 1920 Charles Harington wa ku Britain anapeza njira yoipangira mu labu. M'zaka zomwezo dziko la Switzerland, kumene zotupa za pakhosi zinali ponseponse m'midzi ya kumapiri, linayamba kuthira ayodini mumchere, mu 1922. Kuno ku Malawi lamulo loti mchere wogulitsa uzikhala ndi ayodini linabwera m'zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake achinyamata ambiri sanazione zotupa zikuluzikulu zimene makolo awo ankaziona pamsika.

TSH: mawu oitana

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza odwala akalandira zotsatira. Dokotala amati chithokomiro chafooka, koma papepala nambala ndi yokwera. Zikugwirizana bwanji?

Chimene amayeza kawirikawiri si ufa wa chigayo chija ayi. Amayeza TSH, homoni yochokera ku kachiwalo kena kakang'ono ngati nsawawa kamene kali kunsi kwa ubongo. Kachiwaloka kamayang'anira kuchuluka kwa T4 ndi T3 m'magazi, ndipo kakaona kuti zikuchepa kamatumiza TSH kukadzutsa chithokomiro. Zili ngati mayi woitana mwana amene ali kudambo. Mwana akavomera msanga, mayi amaitana kamodzi ndi mawu apansi. Akapanda kuvomera, mawu amakwera, mpaka mudzi wonse kumva. TSH yokwera ndiye kuti ubongo ukukuwa, chithokomiro sichikuyankha.

Kwa munthu wabwinobwino TSH imakhala pakati pa 0.4 ndi 4, ngakhale malire amasiyana pang'ono malinga ndi labu. Ikapitirira 10 madokotala ambiri amagwirizana kuti vuto lilipo ndithu. Pakati pa 4 ndi 10 ndi pamene pali mtsutso, ndipo tibwererapo kumapeto. Ubwino wa TSH ndi woti imayamba kukwera munthu asanamve chilichonse m'thupi. N'chifukwa chake kuyeza kumaposa kudikira zizindikiro.

TB ziwiri, matumba awiri a mankhwala

Kachilombo ka chifuwa chachikulu anakalengeza Robert Koch ku Berlin pa 24 Malichi 1882, tsiku limene mpaka pano dziko lonse limakumbukira za TB. Koma mankhwala anachedwa zaka zoposa 60. Streptomycin anapezeka mu 1943, isoniazid anayamba kugwira ntchito mu 1952, rifampicin anafika m'zaka za m'ma 1960. Lero munthu wa TB wamba amamwa mankhwala miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, ophatikizidwa mu piritsi limodzi, kenako miyezi inayi rifampicin ndi isoniazid okha. Pa anthu pafupifupi 10.8 miliyoni amene anadwala TB padziko lonse mu 2023, ochuluka kwambiri anali a gulu limeneli.

Gulu lachiwiri ndi la anthu pafupifupi 400,000 pachaka amene kachilombo kawo sikamva rifampicin, ndipo nthawi zambiri sikamvanso isoniazid. Imeneyi ndiye TB yosamva mankhwala, imene m'mabuku a chipatala amailemba kuti MDR-TB. Zili ngati anankafumbwe amene azolowera mankhwala a m'nkhokwe: uthira, iwo akungofumbwa chimanga. Wina amaitenga TB yotere kwa munthu amene ali nayo kale, wina imamuyambira m'thupi mankhwala akamamwedwa modukizadukiza. Makina a GeneXpert, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010 ndipo tsopano ali m'zipatala zambiri za m'chigawo chino cha Africa, amatha kuona pa makhololo m'maola ochepa ngati kachilomboko kamamva rifampicin kapena ayi.

Akapezeka kuti sikamva, amatsegula thumba lachiwiri la mankhwala. Kwa zaka zambiri thumba limeneli linali lowawa: miyezi 18 mpaka 24, jakisoni wa tsiku ndi tsiku amene ankagonthetsa ena makutu, ndi mapiritsi odzaza dzanja. M'menemo ndi mmene munali mankhwala ofooketsa chithokomiro.

Atatu otseka chigayo

PAS ndi mankhwala akale kwambiri. Anawaganizira Jörgen Lehmann, amene ankagwira ntchito ku Gothenburg m'dziko la Sweden, ndipo odwala oyamba anawalandira mu 1944. Ndi achibale a asipirini. Mbiri yawo ndi yolemekezeka, chifukwa pophatikiza PAS ndi streptomycin madokotala a ku Britain anaphunzira phunziro limene likugwirabe ntchito mpaka lero, loti TB sathana nayo ndi mankhwala amodzi. Koma odwala ankawada. Ankamwa magalamu 10 kapena kuposa patsiku, m'mimba kumapotokola, kutsegula osaleka. Ndipo kale m'zaka za m'ma 1950 madokotala anali ataona kuti ena mwa omwa PAS akutupa pakhosi. Ethambutol atabwera, PAS anaikidwa pambali, n'kudzatulutsidwanso TB yosamva mankhwala itayamba kufala. Masiku ano amabwera ngati timibulu tating'onoting'ono m'kapaketi.

Ethionamide anapangidwa mu 1956. Prothionamide ndi mphwake, amasiyana pang'ono chabe, moti mayiko ena amagwiritsa ntchito uyu, ena uyo. Amene anamwapo sawaiwala: fungo ngati la dzira lowola, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, malovu odzaza, nseru. Amapha kachilombo ka TB posokoneza kamangidwe ka chikopa chake chamafuta, monga mmene amachitira isoniazid.

Nanga chithokomiro chalakwanji? Apa nkhani yake ndi ya kufanana nkhope. Pali mankhwala amene madokotala amapereka dala kwa anthu amene chithokomiro chawo chikuthamanga mopitirira, monga carbimazole, methimazole ndi propylthiouracil, amene mtundu wawo unayamba ndi kafukufuku wa Edwin Astwood mu 1943. Mankhwalawa amagwira dzanja la kanthu kena m'chithokomiro kamene ntchito yake ndi kumata ayodini pa homoni. Kapangidwe ka ethionamide ndi prothionamide kamafanana ndi ka mankhwala amenewa. Ndiye akalowa m'thupi kukasaka TB m'mapapo, akamadutsa pakhosi amachitanso ntchito ya abale awo aja. PAS nayenso, ngakhale ndi wa fuko lina, amalepheretsa kumata komweko. Chimanga chilipo, magetsi alipo, koma wina waika mwala m'chigayo. Munthu akamamwa ethionamide ndi PAS pamodzi miyala imakhala iwiri, ndipo pamenepo ndi pamene vutoli limachuluka kwambiri.

Ndikufuna mfundo iyi imveke, chifukwa ndi pamene achibale a chifundo amasokera: kuwonjezera mchere m'ndiwo sikuthandiza. Vuto si kusowa kwa ayodini. Kuthira chimanga chambiri m'chigayo chotsekeka sikutulutsa ufa, ndipo mchere wochuluka uli ndi mavuto akeake ku mtima ndi impso.

Kwa nthawi yaitali mabuku ankati vutoli ndi la apo ndi apo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ankayeza okhawo amene adandaula. Atayamba kuyeza aliyense, chithunzi chinasintha, ndipo umboni wina wamphamvu unachokera kuno kummwera kwa Africa. Ku Lesotho, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012, anayeza TSH ya odwala 186 a TB yosamva mankhwala, pafupifupi onse akumwa ethionamide ndi PAS pamodzi. Odwala 129, kutanthauza 69 pa 100 alionse, anapezeka ndi TSH yoposa 10. Ku Cape Town, pa ana 137 amene ankamwa ethionamide, oposa theka anali ndi zotsatira zosakhala bwino, ndipo chiopsezo chinali chachikulu kwa ana amene ankamwanso PAS ndi amene anali ndi HIV. Akatswiri ena ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana mu 2019 anapeza chiwerengero chotsikirapo, pafupifupi 17 pa 100. Kusiyana kwakukulu kumeneku kukuchokera pa mankhwala amene malo aliwonse ankapereka, kuyeza pafupipafupi kapena patalipatali, ndi malire a TSH amene aliyense anasankha.

Vutoli siliyamba tsiku lomwelo. Chithokomiro chimasunga mahomoni okwanira masabata angapo, ngati ufa wotsala m'dengu chigayo chitaima. N'chifukwa chake kawirikawiri limaonekera pakapita miyezi, pomwe wodwala ndi gadiyani wake azolowera mankhwala ndipo sakuwakayikiranso.

Masiku ano atatuwa sakuperekedwa mochuluka ngati kale. Kuyambira 2018 WHO inawaika m'gulu lomaliza, lotengedwa pokhapokha abwino koposa akalephereka, ndipo mu 2022 inalimbikitsa njira ya miyezi 6 yotchedwa BPaLM, ya bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin, mopanda jakisoni, mopanda ethionamide, mopanda PAS. Koma sanathe ntchito. Ethionamide akadali mu njira ina ya miyezi 9, amaperekedwa kwa amene kachilombo kawo kakana mankhwala ambiri, komanso, chifukwa amalowa bwino m'madzi ozungulira ubongo, ali mu njira ina ya miyezi 6 yochizira ana odwala TB ya muubongo ngakhale ikhale yomva mankhwala. Kwa mwana nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa wamkulu, popeza mahomoni a chithokomiro ndi amene amakuza msinkhu ndi nzeru.

Rifampicin: chigayo chili bwino, thumba labooka

Rifampicin aliyense wa TB wamba amamudziwa, ndi uja amafiiritsa mkodzo. Iye sagwira chithokomiro. Amagwira chiwindi.

Chiwindi ndi chimene chimaphwanya mankhwala ndi mahomoni akatha ntchito, kuti atuluke m'thupi. Rifampicin amachifulumizitsa kwambiri pa ntchito imeneyi. Ambiri zimenezi anakumana nazo kale m'njira ina: amene ali pa ma ARV a dolutegravir akayamba mankhwala a TB amawonjezeredwa piritsi lina la madzulo, ndipo amayi amachenjezedwa kuti mapiritsi olera ndi kachipangizo kolerera koika pamkono zitha kuchepa mphamvu. Chifukwa chake ndi chomwechi. T4 nayonso imachotsedwa m'magazi msanga kuposa masiku onse. Ufa ukugayidwa bwinobwino, koma thumba labooka.

Kwa munthu wa chithokomiro champhamvu palibe chodetsa nkhawa. TSH imaitana pang'ono, chithokomiro chimawonjezera liwiro, zonse zimabwerera m'malo, ndipo munthu amamaliza miyezi yake 6 osadziwa kuti panachitika kanthu. N'chifukwa chake odwala TB wamba sayezedwa TSH mwachizolowezi.

Ovutika ndi magulu awiri. Loyamba ndi la amene amamwa kale levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa T4, mwina chifukwa chithokomiro chawo chinachotsedwa pa opaleshoni kapena chinafooka kale. Iwowa alibe chigayo choti chiwonjezere liwiro, amangodalira muyezo wa piritsi, ndiye muyezowo utha kuchepa n'kufunika kukwezedwa. Akamaliza rifampicin chiwindi chimabwerera pa liwiro lake pakatha masabata pafupifupi awiri, ndipo muyezo uja uyenera kuonedwanso kuti usakhale wopitirira. Lachiwiri ndi la amene ali ndi matenda obisika otchedwa Hashimoto, dzina la dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza mu 1912, pamene chitetezo cha thupi chimadya chithokomiro pang'onopang'ono. Munthu wotere amatha kukhala zaka akuyenda bwino, chigayo chikukwanitsa movutikira, mpaka rifampicin atabwera n'kuulula kufookako. Madokotala a ku Japan anafotokozapo odwala otere amene anabwerera mwakale atasiya rifampicin. Choncho ngati munauzidwapo chilichonse chokhudza chithokomiro, chitchuleni tsiku loyamba lomwe, ndipo buku lanu la kuchipatala lakale lija musalisiye kunyumba.

Chifukwa chake limabisala

Zizindikiro za chithokomiro chofooka palibe n'chimodzi chomwe chimene chili chakechake. Kutopa, kodi wa TB ndani satopa? Kunenepa, si chimene aliyense akupempherera? Namwino akalemba kuti sikelo yakwera makilogalamu atatu onse amasangalala, osadziwa kuti mwina ena mwa makilogalamuwo ndi kutupikana. Kukhumudwa ndi kuiwalaiwala amazikankhira kwa cycloserine, mankhwala ena a TB yosamva mankhwala amene amadziwika ndi kusokoneza maganizo, kapena amati ndi nkhawa ya munthu amene wakhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Kufooka amati ndi kuchepa kwa magazi, kumene linezolid amabweretsa. Kwa amayi msambo umatha kuchuluka kapena kusokonekera, ndipo zimenezi ambiri sazitchula n'komwe kwa dokotala wachimuna pamzere wa anthu.

Zimene zimaloza kwambiri ku chithokomiro ndi kuzizidwa anzako akumva kutentha, khungu louma lotuwa ngakhale udzole mafuta, kudzimbidwa, zikope zotupa m'mawa, mawu osasa, mtima wogunda pang'onopang'ono, ndi khosi limene layamba kudzaza. Gadiyani nthawi zambiri ndiye amaona izi wodwala asanazione, popeza ubongo umene ukanadandaula nawonso wachita ulesi. Mawu a gadiyani akuti "sali ngati mmene analili mwezi watha" ndi ofunika kuwamvera.

Palinso chifukwa china chimene madokotala salitengera vutoli mopepuka. Bedaquiline, moxifloxacin, levofloxacin, clofazimine ndi delamanid onse amatha kutalikitsa nthawi imene mtima umatenga pokonzekera kugunda kotsatira, chimene amachiyeza ndi makina a ECG. Nthawiyo ikatalika kwambiri mtima utha kusokonekera mwadzidzidzi. Chithokomiro chofooka chimawonjezera kutalikako. Ndiye kwa munthu amene akumwa ethionamide pamodzi ndi bedaquiline, TSH si nkhani ya kutopa kokha.

Komanso matenda aakulu alionse, TB yomwe, amatha kutsitsa T3 m'magazi chithokomiro chili bwinobwino, ngati mmene banja limachepetsera nsima m'chaka cha njala. Izi zimatha zokha munthu akamachira ndipo sizifuna mankhwala. N'chifukwa chake zotsatira za munthu wodwalika kwambiri amaziwerenga mosamala, nthawi zina n'kubwereza kuyeza.

Chithandizo chake

Malangizo amene akhala akutsatidwa ndi oti TSH iyezedwe munthu asanayambe ethionamide, prothionamide kapena PAS, kenako pakapita miyezi itatu iliyonse, makamaka ngati akumwa awiri pamodzi, ndiponso nthawi ina iliyonse zizindikiro zikaoneka.

Likapezeka vutoli, chimene chimadabwitsa ambiri ndi choti dokotala kawirikawiri sachotsa mankhwala amene alibweretsa. Amawonjezera piritsi lina laling'ono, levothyroxine, limene ndi T4 yomweyo yopangidwa ku fakitale. Chigayo chatsekeka, ndiye banja likugula ufa kugolosale kufikira chitatseguka. Maganizo ake ndi awa: kwa munthu wa TB yosamva mankhwala, mankhwala ogwira ntchito ndi owerengeka, ndipo kutaya amodzi kutha kupatsa kachilombo mpata wokana ena otsalawo. TB yotere imapha, pamene chithokomiro chofooka chimathandizika mosavuta. Levothyroxine ndi wotsika mtengo, ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse, ndipo akaperekedwa pa muyezo woyenera thupi limamulandira ngati homoni yake yomwe.

Amamwedwa kamodzi patsiku, m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, theka la ola kapena ola lathunthu phala kapena tiyi asanalowe. Mapiritsi owonjezera magazi, a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira amamugwira m'matumbo kuti asalowe m'magazi, ndiye pazikhala maola anayi pakati pawo. Sagwira ntchito ngati panado. Amatenga masabata kuti akhazikike m'thupi, moti TSH amaiyezanso pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, n'kusintha muyezo ngati pakufunika. Achikulire ndi odwala mtima amawayambitsa ndi muyezo wochepa, chifukwa kukupiza moto mwadzidzidzi kutha kulemetsa mtima umene unazolowera kuyenda pang'onopang'ono.

Ndipo nkhani yokoma ndi iyi: mwalawo umachoka. Ethionamide kapena PAS akatha, chithokomiro cha anthu ambiri chimadzuka chokha, ndipo levothyroxine amasiyidwa pakapita miyezi ingapo, dokotala atayezanso. Si mankhwala a moyo wonse monga zimakhalira kwa amene chithokomiro chawo chinachotsedwa. Chimene ndingapemphe ndi mtima wonse n'choti wina asasiye yekha mankhwala a TB chifukwa cha zimene wawerenga pano. Mayi a pakhonde aja chowayenera ndi kupita kukanena zonse, za kuchimbudzi ndi za msambo zomwe, n'kufunsa kuti, "Adokotala, kodi m'mankhwala angawa muli ethionamide kapena PAS? Nanga magazi a chithokomiro munandiyeza?"

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Mtsutso woyamba ndi wa malire aja. TSH ikakhala pakati pa 4 ndi 10, T4 ili bwino, munthu sakumva kanthu, apatsidwe levothyroxine kapena adikire? Ena amati kumuwonjezera piritsi munthu amene akumeza kale mapiritsi odzaza dzanja ndi kumulemetsa popanda phindu lodziwika. Ena amati bola kuyamba msanga, popeza mankhwala ofooketsawo akupitirira ndipo TSH ingokwerabe. Malangizo enieniwo amasiyana: ena amayambira pa 10, ena TSH ikangopitirira malire a labu ndi theka la malirewo. Kwa ana ndi amayi oyembekezera ambiri amapendekera ku kuthandiza msanga, ngakhale ethionamide kawirikawiri amapewedwa kwa woyembekezera.

Wachiwiri ndi wa kuyeza. Ngati ambiri amayamba kufooka m'miyezi itatu yoyambirira, kodi kudikira mwezi wachitatu si kuchedwa? Nanga kumene labu yoyeza TSH ili kutali, magazi amayenda ulendo ndipo zotsatira zimabwera mochedwa, achite bwanji? Ena anaganizapo zongopereka levothyroxine kwa aliyense womwa ethionamide ndi PAS pamodzi. Ena amati kupereka homoni popanda kuyeza kutha kuvulaza amene sakuifuna.

Pali funso la chifukwa chimene anthu awiri omwa mankhwala ofanana amasiyanirana, wina TSH n'kukwera kwambiri, wina osasuntha. HIV ikuoneka kuti ili ndi mbali, koma kodi ndi kachilomboko, ma ARV, kapena kufooka kwa thupi lonse? Kodi amene amadya ayodini wochepa, kapena amene chakudya chawo chachikulu ndi chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira, chimene chimadziwika kuti chimalepheretsa chithokomiro kutola ayodini, amagwidwa msanga kuposa ena? Kodi miyezi ingapo ya mahomoni ochepa imasiya chipsera pa kakulidwe ka mwana wamng'ono ngakhale atathandizidwa pambuyo pake?

Ndipo pamene njira zatsopano za miyezi 6 zikufalikira, mayiko akuyenera kusankha malo amene ethionamide ndi PAS atsale nawo. Linezolid, amene akulowa m'malo mwa ethionamide mu njira ya miyezi 9 imene inayambira ku South Africa, sagwira chithokomiro, koma amachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha ya m'mapazi ndi m'maso. Kumbali ina, tizilombo tokana bedaquiline tayamba kuoneka, ku Mozambique ndi ku South Africa komwe, ndipo odwala otere amabwereranso ku thumba lakale lija. Kodi zipatala zimene zikuzolowera njira zatsopano zidzakumbukira kuyeza TSH ya wodwala mmodzi kapena awiri amene adzafunikebe mankhwala akalewo?